Kaputeni wa a Telala

Mu mzere wa mashopu a kuseri kwa depoti ya mabasi munali anthu asanu ndi atatu amene ankadzitcha makochi, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kuzungulira bwalo la mpira kamodzi osapempha madzi. Ukochi wawo unali wa pafoni. Masewerawo amati fantase: umapatsidwa ndalama zongoyerekeza, n'kugula osewera enieni a mu ligi yaikulu ija ya pa kanema, ndipo iwo akagoletsa kumeneko, iwe kuno umalandira mapointi. Mmodzi umamusankha kukhala kaputeni, ndipo mapointi ake amawerengedwa kawiri. Nkhani yonse yagona pa kaputeniyo, ndipo mpomwe a Telala ankagwera sabata ndi sabata.

A Telala anayamba kusapota Obiriwira akadali ndi tsitsi. Makina awo osokera anawapenta okha mtundu wobiriwira, ndipo jezi ya timuyo ankaichapa okha, poopa kuti mayi a kunyumba angaisakanize ndi matawulo. Obiriwira anali ndi wakutsogolo wina amene anthu ankangomuti Madala. Zaka zisanu zapitazo Madala anali chilombo, koma tsopano ankathamanga ngati wasenza ndowa ya madzi ndipo akuopa kutaya. Aliyense wanzeru anali atamuchotsa kalekale m'timu yake. A Telala okha ndiwo anamupatsa ukaputeni tsiku loyamba la ligi n'kumusiya pomwepo. Chaka chonse sanagulitse wosewera ndi mmodzi yemwe, ndipo ankati zogulitsagulitsa anthu n'za opanda khalidwe.

Wopambana mu ligi ya mumzeremo sankalandira kanthu, kupatula ufulu woyankhula mokweza mpaka chaka chamawa. Chimene anthu ankaopa chinali chilango cha wotsiriza. Ameneyo ankayenera kuvala jezi ya timu imene amadana nayo kwa sabata yathunthu, kuyambira potsegula shopu mpaka potseka. Kwa a Telala timu imeneyo inali Achikasu. Ligi inali itatsala ndi tsiku limodzi, ndipo a Telala anali pansi penipeni. Pamwamba pawo, ndi mapointi asanu okha, panali wowotcherera zitsulo wa kumapeto kwa mzere, wosapota Achikasu. Anthu ankamuti Goloboyi chifukwa paunyamata wake ankagwira pagolo, ndipo nayenso anali ndi matenda ake: kaputeni wake nthawi zonse anali wapagolo wa Achikasu.

Lachisanu m'mawa mlamu wawo wa a Telala, wometa tsitsi wa khomo loyandikana nalo, analowa ndi kajumbo m'manja. Iyeyu ndiye ankatsogola mu ligi, ndipo ankayenda ngati mzere wonse anamanga yekha.

"Alamu, ndabwera ndi ntchito," anatero akutulutsa jezi yachikasu yowala. "Iyi ikufunika kukulitsa pamimbapa. Mwini wake ndi wa msinkhu ngati wanu."

"Muyezo wake uli kuti?"

"Tepi muli nayo m'khosimo. Ingodziyezani."

A Telala anaigwira jeziyo ndi zala ziwiri n'kuibweza m'kajumbo. "Mpira sunathe, alamu."

"Sunathedi. Mawa Obiriwira anu akukumana ndi Achikasu, ndipo Nyundo wachira. Ndangoti musadzasoke mothamanga Lolemba."

Nyundo anali wakutsogolo wa Achikasu, mnyamata wa khosi lalikulu amene chaka chimenecho anagoletsa zigoli zambiri kuposa timu yonse ya Obiriwira. Anthu asanu ndi mmodzi mu ligiyo anali naye. Goloboyi analibe chifukwa ndalama zake anathera pa otchinga kumbuyo, ndipo a Telala analibe chifukwa ankati angalole kudula chala.

Madzulo kunyumba chakudya chinawakanika. Mayi a kunyumba, amene mpira ankangoumva ngati phokoso la Loweruka, anawayang'ana n'kufunsa.

"Bwanji osangogula amene amagoletsayo?"

"Mayi, mpira simuudziwa."

"Sindiudziwadi. Chimene ndikudziwa n'chakuti chikasu sichikukhalani. Muja munavala malaya achikasu pa ukwati wa mng'ono wanga, anthu ankandifunsa ngati mukudwala."

Loweruka, nthawi yosintha timu inkatha 12 koloko masana. Itatsala mphindi khumi, a Telala anaimitsa makina, n'kusuzumira panja ngati munthu wofuna kuba nkhuku, kenako analowa kuseri kwa katani komwe makasitomala amayesera zovala. Anaona m'maganizo mwawo sabata yonse: ana a sukulu akuima pawindo, oyendetsa mabasi akuwaimbira hutala, mlamu wawo akubweretsa anthu kudzawajambula. Mtima unawagwa. Anatulutsa foni. Anadina dzina la Madala, linachoka. Anadina la Nyundo, linakhala pamalopo. Anamupatsanso ukaputeni.

"Pepa, mkulu wanga," ananong'ona. "Ndi sabata imodzi yokha."

Nthawi yomweyo mayi wina analowa akupuma mwawefuwefu, diresi lili paphewa. Zipi inali itaduka ndipo iye anali woperekeza mkwatibwi 2 koloko. A Telala anaponya foni mu dilowa ya ulusi n'kutseka, ndipo kunena zoona anasangalala kuti apeza chifukwa chosaiyang'ananso. Manyazi anali atawagwira.

Mpira ankaonera kwa mlamu wawo, chifukwa ndiye anali ndi kanema wamkulu pamwamba pa kalilole. Pofika 3 koloko makochi onse anali atadzazana pa mabenchi, tsitsi la makasitomala likadali pansi. Mayi wokonza mafoni, amene ankasunga ndandanda wa ligi ndipo mawu ake ndiwo anali omaliza pa mkangano uliwonse, anakhala pampando wometera. A Telala analowa atavala jezi yawo yobiriwira, yosita bwino.

"A Telala, Madala kachikenanso?" anatero mayiyo akuseka. "Inu ndiye simumva."

Onse anaseka. A Telala anangomwetulira. Nthawi yosintha ikatha aliyense amatha kuona timu ya mnzake, koma iwo anaganiza kuti anthuwa angolankhula mwachizolowezi osayang'ana. Anapempha mumtima kuti asayang'ane mpaka mawa.

Vuto la kuonera mpira uli ndi mitima iwiri ndi lakuti thupi silidziwa kuti limvere uti. Obiriwira akatenga mpira, a Telala ankasendera kutsogolo ngati kale. Nyundo akautenga, ankasenderanso kutsogolo, kenako n'kukumbukira n'kubwerera. Mphindi makumi awiri zitadutsa, Achikasu anapeza kona. Mpira unabwera mokhota, Nyundo anadumpha pamwamba pa anthu awiri, n'kuumenya ndi mutu mpaka mu ukonde.

"Chalowa!"

Amene anakuwa choncho, manja onse ali m'mwamba, benchi itagwa kumbuyo kwawo, anali a Telala. Osapota Achikasu amene anayamba kudzuka anaima panjira, pakamwa pali yasa.

A Telala anatsitsa manja pang'onopang'ono. Anadzutsa benchi. "Ndimaona ngati ndi ofusaidi," anatero.

"Alamu," anatero wometa uja modekha, "kwanu ofusaidi amati chalowa?"

Palibe anapitiriza nkhaniyo, ndipo zimenezo ndiye zinawawa kwambiri. Pa nthawi yopumula a Telala ankangoyang'ana tsitsi la anthu pansi. Mwa kuwerenga kwawo anali atamudutsa kale Goloboyi, jezi yachikasu inali itawaphonya, koma chimwemwe panalibe. Zaka makumi atatu anaonerapo Obiriwira akugonja mwa njira zonse zimene timu ingagonjere, ndipo sanamvepo kuipa mumtima ngati tsiku limeneli lomwe zinthu zinkawayendera.

Chigawo chachiwiri chitayamba, mpira unasokonekera pagolo la Achikasu. Wina anaumenya, wapagolo anaubweza, ndipo unakagunda bondo la Madala, yemwe anangopezeka pamenepo chifukwa anachedwa kubwerera. Unalowa. Chinali chigoli chonyansa, koma chigoli.

A Telala anadzuka theka n'kukhalanso. Munthu amene anamusunga chaka chonse osagoletsa, wagoletsa tsiku lomwe amugulitsa. Anafuna kulira, anafunanso kuseka. Pambali pawo Goloboyi ankalankhula ndi wapagolo wake pa kanema ngati akumumva.

"Dzuka, mwana wanga. Si vuto lako limenelo. Otchinga akowo ndi amene akugona."

Zitatsala mphindi ziwiri, mpira wautali unadutsa pamwamba pa otchinga a Achikasu, ndipo Madala anauthamangira. Kuthamanga kwake kunali komvetsa chisoni, mutu kutsogolo, miyendo ikutsalira. Koma anaupeza. Anaima, anamunamiza wapagolo ndi phewa monga ankachitira kale, n'kuukankhira pakona mofatsa.

Apa a Telala anaiwala mapointi, anaiwala foni, anaiwala Nyundo. Anakuwa mpaka mawu anasasa, anamukumbatira mlamu wawo yemwe sankafuna kukumbatiridwa, ndipo misozi inatsika osaibisa. Obiriwira anali atagonjetsa Achikasu, ziwiri kwa chimodzi, zonse za Madala. Wezulo yomaliza italira anakhala pansi akupukuta kumaso, ndipo mtima unali utapepuka. Mapointi sanafunenso kuwawerenga. Mumtima anali atadziweruza kale kuti munthu wogulitsa Madala tsiku lotere ayenera chilango, kaya ndandanda unena zotani.

"Alamu, bweretsani kajumbo kaja," anatero. "Ndikaikulitse."

"Dikirani kaye," anatero mayi wa mafoni, chala chikuyenda pafoni yake. Anawerenga mayina kuyambira pamwamba. Wometa anapambana, ndipo anayamba pomwepo kugwiritsa ntchito ufulu wake. Atafika kumunsi mayiyo anakweza maso. "Wachisanu ndi chiwiri, a Telala. Mwamudutsa Goloboyi ndi mapointi khumi ndi asanu ndi anayi. Kaputeni wanu Madala, zigoli ziwiri, kuwerenga kawiri. Ndaseka chaka chonse, lero ndakupatsani ulemu."

Anthu anayamba kuwomba m'manja. Wina anati kukhulupirika kumalipira. A Telala akanangokhala chete, akanatuluka m'menemo ali ngwazi, ndipo za kukuwa zija zikanaiwalika ngati misala ya mpira. Koma pakamwa panawatsogolera.

"Sizingatheke. Madala ndinamugulitsa."

Manja anasiya kuwomba.

"Munamugulitsa liti?" anafunsa mayiyo.

"Lero, itatsala pang'ono 12. Ndinagula Nyundo. Ndinamupatsanso ukaputeni."

Mayiyo anayang'ana pafoni, n'kuwayang'ana iwo. "Mutatero, munadina batani la pansi lija lotsimikiza?"

"Palinso batani lina?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunamveka mpaka kudepoti. Mlamu wawo anagwada pansi pa tsitsi la makasitomala atagwira nthiti. Mayi wa mafoni anayesa kufotokoza kuti aliyense amene anagulitsapo wosewera amalidziwa batanilo, koma mawu ankamuthera pakati. Munthu yekhayo mumzere wonse amene sakanalidziwa anali amene sanagulitsepo munthu chiyambire. A Telala nawo anaseka, chifukwa panalibenso china chochita.

"Ndiye chilango chikhala cha ndani?" anafunsa wina. "Awa anachimwa."

"Ligi imawerenga mapointi, siwerenga za mumtima," anagamula mayiyo akupukuta misozi. "Wotsiriza ndi Goloboyi. Avala yobiriwira."

Goloboyi anavomera ndi mutu, osadandaula. Kenako onse anazindikira pamodzi kuti palibe anakonzekera zimenezi. Jezi imene inagulidwa inali yachikasu, ndipo yobiriwira mumzere wonse inalipo imodzi yokha. Maso onse anatembenukira pa chifuwa cha a Telala.

"Ayi, imeneyo isiyeni," anatero Goloboyi. "Ndikudziwa mmene mumaisamalira. Kwanga kuja moto umathetheka tsiku lonse, ibooka. Ndikafuna ina kumsika Lolemba."

A Telala anaimirira. Anavula jeziyo pamaso pa onse, n'kutsala ndi vesiti ndi mimba imene mlamu wawo ankainena ija. Anaipinda bwinobwino, manja kumbuyo, monga amapindira chovala cha kasitomala wolemekezeka, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Ikabooka ndisoka," anatero. "Wapagolo wanu wamwa ziwiri lero, ndipo ine ndimakumvani mukumulimbikitsa mpaka kumapeto. Valani, achimwene. Sabata ino mukuiyenera kuposa ine."