Tepi Yotsala M'deki

"Awa sitigawa," anatero a Lazarous, akukankha katoni ya matepi ndi phazi. "Awa ndi a pamoto."

Febby anali chogwada pamphasa, akupinda malaya omaliza a malemu bambo ake, a Julio. Njinga inali itapeza mwini, makasu atapita. Chotsala chinali kanyumba ka vidiyo m'mbali mwa msewu waukulu pa Kacholola. A Lazarous, mng'ono wa malemu komanso mkulu wa mpingo, anali atakayeza kale ndi maso, naona kuti matumba a thonje angakwanemo bwino.

"Atate aang'ono, vidiyo ndiiyendetsa ine. Madalaivala akali kubwela."

"Mwana wanga, munthu anathawa nkhondo ku Mozambiki, ndiye moyo wake wonse n'kumaonetsa anthu akuombelana. Ine zinali kundichititsa manyazi. Mailo tinamuika m'manda mwaulemu, lelo tichotse nyansizi."

Febby anawawidwa mtima.

Tinene zoona, mafilimu a malemuwo anali bodza lamkunkhuniza. Anali aja a zaka za m'ma 90, mmene mwamuna mmodzi amalumpha kuchoka mu helikoputa n'kutera pa sitima yothamanga, tsitsi osasokonekera. Mfuti yake sinkatha zipolopolo. Akamenya munthu theche, munthuyo ankaboola makoma atatu asanagwe. Koma bodzalo linkakoma, ndipo a Julio ankalithira mchere. Ankaima pambali pa TV ndi kandodo, n'kumamasulira Chingerezi chimene iwonso sankachimva. "Akuti mwamuputa dala, lelo muona polekela." Anthu ankaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Ngakhale mafoni atabwera, ena ankapalasabe njinga kuchokera ku Nyalugwe kudzamva pakamwa pa a Julio.

"Tepi ina ili mu deki ya vidiyo," anatero Febby. "Siituluka popanda moto wa batile."

"Tiye ukaichotse."

Analowa onse awiri. A Lazarous anawerama pakhomo ngati akulowa m'khola la eni, pakuti zaka zonsezi anali asanapondemo. Kandodo kanali pansi pomwe kanagwera masana aja pamene a Julio anakomoka filimu ikutha. Febby analumikiza mawaya ku batire, ndipo chithunzi chinabwera chokha: mudzi uli utsi wokhawokha, mitembo ili ngundangunda, ngwazi ikuchoka osacheuka.

Febby anagwira pakamwa. Pamaliro ponse analimba mtima, koma apa misozi inamugonjetsa.

"Iyi sanaibweze."

"Kubweza chani?"

"Filimu ikatha, atate sanali kuzimitsa. Anali kuibweza kumbuyo chithunzi chikuoneka, mpaka poyambila. Anthu sanali kuchoka, ena anali kubwelela zomwezo. Anali kunena kuti sitichoka m'nyumba muno titasiya anthu ali gone pansi."

A Lazarous anayang'ana TV nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa benchi ya kutsogolo, chipewa chili pa bondo.

"Amai tinawasiya panjila pothawa nkhondo ija," anatero motsitsa mawu. "Chafufumimba, mtolo wao uli pambali. Sitinawaike. Julio anandibeleka kumsana, nati usacheuke. Sitinakambepo za tsiku lija mpaka lelo."

Kunja kunadutsa lole, malata n'kunjenjemera.

"Podina ndi pati?"

Febby anawaonetsa. Chala cha a Lazarous, chozolowera kutsegula buku la nyimbo, chinaphonya kaye, kenaka chinadina.

Ngwazi inabwerera chafutambuyo. Utsi unatsika kumwamba n'kulowa m'madenga, moto unadzimeza, nyumba zinaimanso ndi udzu wake. Anthu anadzuka mmodzimmodzi, fumbi likuwachoka, zipolopolo zikutuluka m'zifuwa n'kubwerera m'mfuti. Wamakoma atatu uja anaulukira kumbuyo, makomawo n'kudzimanga okha. A Lazarous anaseka mosafuna. Mayi wina amene anagwa pachitsime anaimirira, ndowa yake inakwera pamutu, madzi onse n'kubwereramo. Apa a Lazarous sanasekenso.

Deki inalira kuti kha, tepi n'kutuluka. A Lazarous anaitenga ndi manja awiri, anaipukuta ndi mkono wa jekete, naiika m'chikuto chake.

"Enawa onse ndi obweza?"

"Onse, atate."

A Lazarous anatuluka. Febby anamva mapazi awo akupita kumphasa kuja, ndipo anaganiza kuti akukawatentha matepi aja. Koma anabwerera atanyamula katoni pachifuwa. Anayamba kundandalika matepi pa shelefu, imodziimodzi, iliyonse akuyamba aisuzumira pa kagalasi kake kuti atsimikize kuti ndi yobweza. Atamaliza anatola kandodo pansi paja, anakapukuta fumbi, nakapereka kwa Febby.