Zojambula Zopanda Mayina

Kutatsala milungu itatu kuti sukulu ziwiri za anyamata mumzinda wa Kurunegala zikumane pa masewero aakulu a kiriketi a chaka ndi chaka, Mayi Sunethra Wimalasena, mphunzitsi pa imodzi mwa sukuluzo, analibe mtendere. Ahedi anawapatsa ntchito yoyendetsa mpikisano wojambula tisheti yoti sukulu yonse idzavale tsikulo. Vuto linali loti mwana wawo Tharindu nayenso anali atajambula yake. Chaka chatha mphunzitsi amene anasankha yekha wopambana anachita kupempha kusamuka chifukwa cha pakamwa pa makolo.

Kenako a Gamini Dassanayake, mkulu wa bungwe la ophunzira akale, anaimba foni.

"Aphunzitsi, mdzukulu wanga wajambula mkango wokongola zedi. Sindikunena kanthu ayi, ndangoti mudziwe."

Munthu akati sakunena kanthu ndiye kuti wanena zonse. Mayi Sunethra anagwidwa mantha, ndipo atafika kunyumba anaitana Tharindu.

"Mwana wanga, chojambula chakocho usakapereke. Ukapambana adzati ndakukondera, dzina langa liipe."

"Amayi, chino n'chaka changa chomaliza. Ndalakwa chiyani? Kubadwa kwa mphunzitsi?"

Mnyamatayo anasiya chakudya chake cha roti m'mbale n'kutuluka. Mayiyo anadziwa kuti mwanayo sananame.

M'mawa mwake a Kanagaratnam a nyumba yoyandikana nayo, omwe anapuma pa ntchito yochonga mayeso a boma, anawaona pampanda.

"Achemwali, nkhope yagwa bwanji ngati taluza kale masewerowo?"

Atamva nkhani yonse anapukusa mutu.

"Ine ndachonga mayeso zaka makumi atatu, koma sindinaonepo dzina la mwana. Nambala basi. Inunso chitani chimodzimodzi. Malamulo muwamate poyera: mitundu ya sukulu, tsiku lotseka, komanso kuti aliyense ajambule yekha. Kalaliki apereke manambala, mayina atsekeredwe mu envulopu, avote ndi ana onse. Ndipo lero lomwe mukawauze ahedi kuti wanu ali momwemo, inu musakhudze pepala lililonse."

"Nanga a Dassanayake? Andidya wamoyo."

"Amenewo ndiye muwapatse ntchito yowerenga mavoti. Munthu sakana zomwe wawerenga yekha."

Mayi Sunethra anachita zonsezo, ngakhale mtima sunakhale pansi, ndipo analola Tharindu kupereka chojambula chake. Zojambula makumi anayi zinapachikidwa mu holo, chilichonse ndi nambala yake, ndipo ana anavota kalasi ndi kalasi.

Tsiku lolengeza, Mayi Sunethra anakhala kumbuyo kwenikweni akupotokola nsonga ya nsalu yawo ya sari. Sankadziwa n'chopempha chomwe, kuti mwana apambane kapena alephere. A Dassanayake anawerenga mavoti kawiri, thukuta lili kamukamu. Nambala 17 inaposa mkango uja ndi mavoti oposa zana. Ahedi anang'amba envulopu n'kupatsa a Dassanayake pepala la mayina. Mkuluyo anakonza magalasi ake n'kuwerenga dzina la mwini nambala 17.

"Tharindu Wimalasena."

Kumbali ya makolo wina anang'ung'udza kuti, "Si uyo, mwana wa aphunzitsi."

A Dassanayake anamenya tebulo. "Amene ali ndi mawu abwere tiwerenge limodzi kachitatu! Ndawerenga ine ndi manja angawa, ndipo waluza ndi mdzukulu wanga. Mnyamata iwe, undisungire tisheti yaikulu, mimbayi ukuionatu."

Holo yonse inafa nacho chiseko, kenako m'manja munawombedwa. Palibe anadzuka kukawerenganso. Mayi Sunethra analira poyera, osachita manyazi, mwana wawo akukwera kutsogolo.

Mukapatsidwa mpikisano woti muyendetse, ikani malamulo poyera, bisani mayina, ululani ubale wanu, ndipo chigamulo chikhale m'manja mwa ambiri. Mukatero simumana mwana wa mnzanu, komanso simulanga wanu chifukwa cha udindo wanu.