Mbande za Mkamwini Wakale

Kinsley anapalasa njinga kuchokera kumalire mpaka ku Thambani atavala yunifolomu ya sikauti, kabudula atamuthina ngati wabwereka kwa mwana wa sitandade sikisi. Amayi m'minda ankaimika makasu n'kumuchitira sawatcha yachipongwe. Masiku ena akanawabwezera, koma tsikuli ankangoyang'ana tayala lakutsogolo.

Ukwati wake ndi Deliwe unatha nthawi yokolola. Chifukwa chake tisachikumbe. Ena amati ndi kachasu, ena amati ndi pakamwa pa Deliwe, ndipo mwina onse akunena zoona. Iye anali mkamwini, ndiye mukudziwa kale mmene zimathera: bulangete, wailesi, njinga, ulendo. Mwana sanyamulidwa, ndi wa mbumba. Choncho Tiyese, kamtsikana kake kokhako, kamene kanali katangogweluka mano akutsogolo, kanatsala. Petro, mchimwene wake wa Deliwe, yemwenso ndi mwinimbumba, analamula kuti Kinsley asapondenso pakhomopo, poti kunali kutayamba kubwera bambo wina wodzakonza denga. Dengalo silinkadontha, koma bamboyo ankalikonzabe.

Chomwe chinamutsalira Kinsley ku Thambani ndi wezulo. Ndi iye amene anayambitsa kagulu ka masikauti aang'ono, tiana toti mamina timadikirabe amayi kuti atipukute. Ankakumana kamodzi pamwezi pa kamtunda ka kuseri kwa sukulu, ndipo Tiyese anali m'gululo. Kamodzi pamwezi, popanda kugogoda pakhomo pa munthu, Kinsley ankamuona mwana wake, kumumangira sikafu m'khosi, kumuyeza ndi maso kuti watalika bwanji. Tsopano Disembala anali atakwana, ndipo komiti ya makolo inaitanitsa msonkhano wokonza zoti ana adzachite mwezi ndi mwezi chaka chamawa.

Anapeza anthu atakhala kale m'kalasi. Kutsogolo kunali mai Rozina, wapampando, ogulitsa zitumbuwa, mawu awo ngati hutala ya thiraki. Pambali pawo a Sudi a pagolosale, bambo ake a Bahati, mimba itatsamira padesiki. Makolo ena anamwazikana m'mabenchi. Kumbuyo kwenikweni, pa kadesiki ka mwana, mawondo ali kuchibwano, kunali Petro, akusenda mango ndi kampeni. Sanali wa mukomiti. Koma kamtunda komwe ana ankakumanirako kanali ka mbumba yawo, kongobwereketsa, ndiye ndani akanamuuza kuti atuluke?

"Tiyambe ndi tsiku lokumana," anatero mai Rozina.

Pamenepo pokha panapita nthawi yoti munthu n'kupalira mzere wautali. Lachisanu a Sudi anakana, Bahati amakhala kumzikiti. Loweruka a Sabata anati ana awo sangathamange. Lamulungu enawo anati musayerekeze. Tsiku la msika ana onse amasanduka alonda a tomato.

"Amayi, masiku analengedwa ochepa," anatero a Sudi. "Tipemphe lachisanu ndi chitatu."

Anthu anaseka, n'kugwirizana Lachitatu loyamba la mwezi, ana akaweruka. Kenako mai Rozina anamupatsa Kinsley choko. "A Sikauti, bolodi ndi yanu. Tiuzeni ana athu mudzawachititsa chiyani kupatula kung'ambitsa zovala."

Kinsley anali atailingalira nkhaniyi kwa miyezi, akukankha njinga yodzaza katundu wa amalonda kupita ku Zobue, kutsidya kwa malire. Ankadziwa mmene magulu a ana amafera. Mwezi wanjala makolo amati asabwere, alibe mphamvu. Mwezi wokolola amati akathandize kumunda. Ikadumphidwa miyezi iwiri, gulu lagona, ndipo palibe amalira maliro ake. Ndiye anafuna chinthu choti chikadumphidwa chizifota anthu akuona, mpaka achite manyazi. Kuseri kwa kachipinda kake ka lendi kumalire anali atafesa mbande za manachesi m'machubu, akuzithirira ndi madzi otsala posamba.

"Januwale," anatero akulemba, "mwana aliyense adzabzala mbande yake ya nachesi pakamtunda paja. Mbande ndipereka ine."

"Eee, zabwino zimenezo!" anatero mai Rozina.

Febuluwale ana adzaphunzira kumanga mfundo, ndipo adzaziyesera pomangirira mbande ku timitengo kuti zisagwe ndi mvula. Malichi kupalira ndi kudziwa tizilombo. Meyi, mbuzi zikamasulidwa, kuluka timipanda. Choko chinathyoka, iye n'kutola kachidutswa n'kupitiriza. Ogasiti kulambula kuti moto wa osaka mbewa usafike, komanso kuphunzira chochita mnzako akapsa. Okutobala mpikisano wotunga madzi, gulu ndi gulu, kuthirira. Makolo ankagwedeza mitu. A Sudi analonjeza masiwiti kwa opambana, osati ambiri.

Ndi pomwe Petro anataya koko la mango pawindo n'kupukuta kampeni pa thalauza.

"Amayi apampando, ndingafunseko? Alamu... kaya ndizitibe alamu, kaya ndiziti akulu a panjinga, mundithandize."

"Funsani funso, a Petro, mayina tidzakonza kunyumba."

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma bolodi ndikuiona. Bwanji mwezi uliwonse ukuyambira kwina n'kukathera pa mtengo? Mfundo, mtengo. Moto, mtengo. Mwana akayetsemula, mtengo."

"Ndi maphunziro a ana, alamu," anatero Kinsley.

"Maphunziro. Chabwino. Munakhala pakhomo pathu zaka zonse zija, munabzalapo chiyani? Ngakhale papaya? Ayi. Chifukwa mwambo munkaudziwa. Mkamwini amabzala chimanga, chodyedwa chaka chomwecho. Mtengo amabzala mwini nthaka. Ndiye muli mkamwini munaopa papaya, lero takutsanzikani mukubwera ndi munda wathunthu wa manachesi?"

M'kalasi munayamba kung'ung'udza. Mayi wina anati, "Komatu n'zoona."

Petro anadzuka, kadesiki kakumukanirira m'chiuno, n'kukakankha. "Nachesi sachedwa. Tiana iti tidzakula, tidzabalalika. Adzatsale ndani wodziwa kuti mbande anagula ndani? Inu. Mudzafika ndi thiraki ya ku Blantyre n'kumati mitengo yanga. Tikadzati nthaka ndi ya mayi athu, mudzati funsani makolo, analipo, anaomba m'manja."

Kunena zoona, zimenezi Kinsley sanaziganizepo ngakhale kamodzi. Mutu wake unali pa Lachitatu basi. Ndipo nkhaniyo inali yosavuta kuithetsa. A Sudi anali atakweza kale dzanja. "Pepani a Petro, apa palibe mlandu. M'mphepete mwa bwalo la sukulu muli malo, tingopempha ahedi kuti..."

Koma Kinsley magazi anali atakwera kale. Munthu wothirira mbande ndi madzi osambira kwa miyezi n'kumutchula wakuba pamaso pa anthu, khutu limatseka.

"Kamunda kanu ka miyalako akukafuna ndani?" anakuwa. "Kamene ngakhale nandolo amamera mochita kupepesa? Khalani nako! Ine ndikufuna mwana wanga! Mitengoyi ndaikonza kuti pasadzapezeke mwezi woti gulu lisakumane, kuti ndizimuona Tiyese. Mwandiletsa pakhomo, mundiletsenso pathengo?"



Mwana wa munthu, akanangovomera kuti akufuna munda! Munda umakambidwa, anthu amayeza ndi mapazi, amakangana, kenako amamwera limodzi thobwa. Koma kunena kuti ukufuna mwana wa mbumba, malume ake ali pomwepo, kampeni kali m'manja, kumeneko ndi kuponda mchira wa galu wa eni mudzi. Mai Rozina anagwira pakamwa. A Sudi anatsitsa dzanja lawo pang'onopang'ono ngati lawalakwira.

Petro sanakuwe. Anapinda kampeni n'kukaika m'thumba.

"Mwamva nokha, amayi. Ine ndimadera nkhawa nthaka, kusadziwa kuti mizu akuimeretsa mwa mwana. Munthu wogona pamalire, wodutsa pachipata tsiku ndi tsiku, alonda onse akumudziwa dzina. Lachitatu lina tidzangomva kuti Tiyese anakwera pakaliyala, ali ku Zobue. Ndidzamuuza chiyani mlongo wanga? Mayi anga pomwalira anasiya mbumbayi m'manja mwanga, osati mwa komiti."

"Sindingabe mwana wanga yemwe, alamu."

"Mwaonatu. Wanu yemwe." Anatembenukira kwa anthu. "Mitengo kabzaleni kusukulu, ilibe nane kanthu. Wezulo aziimba mpaka masaya atupe. Koma gulu lomwe muli akuluwa, Tiyese sapondamo. Akachokamo iwo, mwana apitirize. Ndatha."

"A Petro, nanga mwana walakwanji?" anafunsa mai Rozina. "Kamwana kaja kamakatunga madzi katavala sikafu. Mukavula bwanji?"

"Sindine ndikavule. Asankhe bambo akewo."

"Tiitane ankhoswe tikambirane bwinobwino," anatero a Sudi.

"Ankhoswe anamaliza ntchito yawo nthawi yokolola."

Kinsley anaima ndi kachidutswa ka choko m'manja, akuyang'ana bolodi yake. Anaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku ngati munthu wosankha chinangwa pamsika, koma mbali zonse inali yowawa. Akatsala, adzakhala ndi ana a eni, mwezi ndi mwezi, wake yekha palibe. Akachoka, wake adzakhalapo, iye palibe. Kumuona kokha kunali kutapita kale, anakutaya yekha ndi pakamwa pake. Chomwe chinatsala m'manja mwake ndi sikafu ya mwanayo basi.

Mtima wina unamuuza kuti akakamire. Gulu analiyambitsa ndi iye, Petro ndani? Mwinanso Tiyese azidzazemba n'kumasuzumira kuseri kwa kalasi. Koma atamuona m'maganizo mwake akusuzumira choncho, anzake akuguba, iye ali ndi ndowa pamutu, anausiya mtima umenewo.

Anavula chingwe cha wezulo m'khosi n'kukaika padesiki ya a Sudi.

"Ine?" A Sudi anadzigwira pamimba. "Achimwene, ine kuthamanga ndinasiya nthawi ya chipani chimodzi. Kabudula wa saizi yanga adzasoka ndi tenti."

Palibe anaseka kwenikweni.

"Simuthamanga, a Sudi. Mumangoimba, amathamanga okha. Mfundo akuphunzitsani Bahati, amazitha kuposa ine."

Kenako anabwerera kubolodi, poti chaka chinali chisanathe. Analemba Novembala, kuthira manyowa mvula isanagwe. Analemba Disembala, makolo kudzaona mitengo, ana kuguba ndi kuimba.  Anati mbande adzazikweza pa pikapu sabata yoyamba ya Januwale, a Sudi akazilandire pasiteji. Anapukuta manja pa kabudula, n'kutsanzika mai Rozina, n'kutuluka. Petro anamupatsa njira pakhomo, ndipo sanayang'anane.

Kunja mitambo inali itada chakumadzulo. Msewu wobwerera unkadutsa pamjigo, ndipo pamenepo panali Tiyese ndi kandowa kake. Atangoona njinga anaika kandowa pansi, madzi n'kutayikira kumapazi, n'kuchita sawatcha ndi dzanja lamanzere.

"Lamanja, iwe," anatero Kinsley. Sanatsike. Anangoponda pansi ndi phazi limodzi, poti anthu a kumsonkhano anali akubwera m'mbuyo.

Mwanayo anasintha dzanja, akumwetulira usinini uli poyera. "Ababa, mwapangana chiyani? Januwale tidzatani?"

"Mudzabzala manachesi. Aliyense wake."

"Wanga udzakhala waukulu kuposa wa Bahati."

"Tamvera. Usadzakwirire ndi pulasitiki yomwe. Uyambe wang'amba chubu, pang'onopang'ono, dothi lisagumuke. Wamva?"

"Mudzandigwirira inu."

"Adzakugwirira a Sudi."

"A Sudi?" Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Sangawerame amene aja! Nanga inu mudzakhala kuti?"

Kinsley anacheuka. Petro anali atafika pa mtengo wa mango wa pakona, akuyenda mosafulumira, manja kumbuyo.

"Senza madzi, amayi ako akudikira," anatero, n'kukweza phazi pa pedulo.

"Ababa, simunayankhe!"

Anapalasa. Mwanayo anaitananso kawiri, kachiwiriko mokweza kwambiri, koma msewu pamenepo ndi wotsetsereka, ndipo njinga ija mabuleki inalibe.