Gani Ziwiri za a Gregorio

"Imeneyo isiyeni," anatero Limbani, bambo ake aang'ono atagwira kale chivindikiro cha bokosi lofiira. "Imeneyo ndi ya Faines. Inuyo mutenge yaing'onoyo."

A Elisha anabweza dzanja msangamsanga, nkhope ataigwetsa monga kuyenera pa maliro. Koma maso okha anawala. Mlamu wawo wamasiye, mayi Monika, amene anakhala pa mpando wa ndalema pakhomo la shedi, anawaona maso amenewo ndipo anangokoka mpango wawo wakuda.

Linali tsiku lachitatu a Gregorio ataikidwa m'manda. Anthu a maliro anali atabalalika, ndipo banja linasonkhana mu shedi ya malata kuseri kwa nyumba kuti ligawe zitsulo za malemu. A Gregorio anali mlimi wa fodya ndi mtedza, umakaniko unali wa apo ndi apo. Komatu kumapiri kuno, ukachoka pa Nachisaka n'kumakwera cha ku Ntchisi, msewu umadya matayala usana ndi usiku. Galimoto ikafa, anthu ankangoti, "Kaitaneni a Gregorio." Pa sabata pankabwera ziwiri kapena zitatu, ka Sienta konyamula anthu, pikapu ya ogula mtedza, nthawi zina kagalimoto ka aphunzitsi aakulu.

Pa zitsulo zonse, zotchuka zinali ziwiri, zida zomasulira manati ndi mphamvu ya mpweya zimene amakaniko amangoti gani. Yaing'ono, ya hafu inchi, inali itasupuka utoto wonse, chogwirira chake chomangidwa ndi mphira wa chubu. Yaikulu, ya inchi imodzi, inali m'bokosi lofiira lija. Imeneyi anaitumiza mwana wawo woyamba, Limbani, kuchokera ku Joni, kumene ankaphika mu hotela, zaka zinayi zapitazo. Za magalimoto Limbani sankadziwa kanthu. Analowa m'sitolo n'kunena kuti, "Ndipatseni yamphamvu kuposa zonse," iwo n'kumupatsadi.

Mwambo ndi mwambo. Akuchimuna sangachoke pa maliro a m'bale wawo chimanjamanja, ayenera kutenga kanthu kooneka. Palibe ankatsutsa zimenezo. Vuto linali lakuti kanthu kamene Limbani anasankha ndi kamene kankadyetsa mlongo wake, Faines.

Faines anabwerera pakhomo pa makolo ake ndi ana awiri ukwati utatha. Manja a bambo ake atayamba kutupa, ndiye amene ankagona pansi pa magalimoto, iwo atakhala pa tayala n'kumaloza ndi ndodo. Zaka ziwiri zathunthu zinatha choncho, mpaka madalaivala anasiya kumuseka. Popanda gani yaing'onoyo, manati adzimbiri a m'misewu ya kuno akanalimbana nawo ndi sipanala ndi chipaipi mpaka dzuwa kulowa, ndipo dalaivala wa matola sadikira zotero. Amangopita kwina.

"Achimwene," anatero Faines motsitsa mawu, "yaing'onoyo ndinaizolowera."

"Kuzolowera umphawi kumeneko!" Limbani anaseka, n'kumenya bokosi lija ndi chikhatho. "Iwe ndikusiyire chitsulo chomanga ndi mphira, pamene pali ichi? Bambo ankandiuza okha pa foni. Amati imamasula manati a lole ngati ukutong'ola chimanga."

"Mwana wayankhula bwino," anatero a Elisha. Iwo anali ndi pikapu yawo ya matola, ndipo ankadziwa bwino lomwe gani imene ili ndi ntchito. Anatola yaing'ono ija, anaipukuta ndi mkono wa malaya, n'kuiponya m'thumba la feteleza. Munthu wamkulu, kuchenjera pa maliro a mkulu wake!

Faines anayang'ana amayi ake. Amayiwo anayang'ana pansi. Onse awiri ankadziwa chimene Limbani sankadziwa, ndipo onse awiri anali atalonjeza. A Gregorio, ali chigonere sabata yawo yomaliza, anamugwira Faines pa dzanja n'kunena kuti, "Za gani ija usadzamuuze mlongo wako. Anadzimana kuti aigule." Ndiye anene bwanji? Akatsegula pakamwa, waphwanya mawu a womwalira ndipo wachititsa manyazi mlongo wake pamaso pa anthu. Akakhala chete, ntchito yapita m'thumba la feteleza. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anawakwiyira bambo akewo ngakhale dothi la pamanda pawo linali lisanaume.

A Elisha anali atayamba kumanga pakamwa pa thumba.

"Chabwino," anatero Faines. Anapukuta manja pa chitenje. "Poti mwandipatsa, achimwene, mundiphunzitse. Tamasulani nayo tayala limodzi la pikapu ya bambo aang'ono, ndione."

"Aa, nanga n'kuvutikiranji," anatero a Elisha mofulumira. "Matayala anga ali bwinobwino."

"Iyayi, aone," anatero Limbani, atatsegula kale bokosi.

Anainyamula ndi manja awiri, msana utapindika, n'kupita nayo pabwalo pamene panaima pikapu. Chinali chida chokongoladi, chofiira psuu, chonyezimira mafuta. Ngakhale bambo wina amene anakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango anaimirira kuti aone. Ameneyu anali a Bonifasi, omata matayala a malole ku Madisi, amene anabwera m'mawa womwewo kudzapepesa chifukwa uthenga unawapeza mochedwa.

Limbani anagwada, anatenga soketi yaing'ono kuposa zonse m'bokosimo, n'kuiveka pa nati. Soketi inameza nati yonse n'kumagwedera. Anayesa ina, ndiye inali yokulirapo.

"Ya nambala 21 ili kuti?" anafunsa, atawerenga pa sipanala ya a Elisha.

Faines anamubweretsera ya mu shedi. Pa nati inakwana bwino, koma ku gani inakana kulowa, chifukwa mutu wa gani unali waukulu kuwirikiza bowo la soketi. Limbani anaitembenuza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira.

"Tailumikiza kaye ku mpweya," anatero, mawu atayamba kuuma.

Faines anakoka chingwe cha kompulesa ya petulo yopopa mpweya, inalira mpaka thanki kudzaza. Anamangirira paipi ndi waya poti nayonso inali yaing'ono. Limbani anakanikiza. Gani inati khu, khu, khu, katatu kokha, kenako inangopuma fuu ngati ng'ombe yotopa. Mpweya wonse wa m'thanki unali utatha.

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutolatola.

"Kompulesa imeneyi ndi ya gani ya hafu inchi, mwana wanga," anatero a Elisha pomaliza, poona kuti palibenso chobisa. "Yaikuluyo imafuna thanki ngati ya pa galaja, paipi yonenepa. Ndipo ikanati igwire ntchito pa kagalimoto ngati aka, ikanathyola maboti onse. N'za malole zimenezo."

Limbani anaika gani pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana mlongo wake.

"Unkadziwa?"

"Ine sindinanene kanthu, achimwene. Mwaona nokha."

"Zaka zinayi!" Anaimirira. "Zaka zinayi ndikudzitama kwa anzanga ku Joni kuti bambo anga ali ndi chida chimene kulibe Dowa yense. Kani ndinawatumizira chitsulo chongodzaza malo? Ndiye iwo n'kumandinamiza ngati mwana, Lamulungu lililonse pa foni?"

"Khala pansi," anatero mayi Monika. Aka kanali koyamba kuyankhula chiyambire m'mawa. "Bambo ako anakhala tcheyamani wa mphakati zaka khumi ndi zisanu. Bodza analibe. Usawatukwane ali m'manda."

"Nanga za malole zija anazitenga kuti, amayi? Kuno kumabwera lole?"

A Bonifasi anakhosomola. Anavula chipewa, anasendera pafupi.

"Pepani, ndilowerere za pabanja. Malolewo ndi a kwathu ku Madisi." Analoza gani ija ndi chipewa. "Chida ichi ndimachidziwa ngati changa. Mdala ameneyu ankabwera nacho pa njinga yakapalasa, Loweruka, mwina kamodzi pa miyezi iwiri. Ulendo woyamba ndinkayesa akugulitsa. Anati, ‘Iyayi, ndibwerekeni mpweya wanu basi, ndimasule tayala limodzi.’ Ndinati mdala, kuchoka kumapiri konseko chifukwa cha tayala la eni ake? Anati, ‘Mawa mwana wanga aimba foni. Akandifunsa ngati ikugwira ntchito, ndimuyankhe chiyani?’"

Limbani anakhala pa bampala ya pikapu.

"Ndiye ankakhala pa benchi pathu kudikira lole yophulika tayala," anapitiriza a Bonifasi. "Tsiku lina inabwera dzuwa litapendeka, iwo ali pompo chifikireni. Ikangoima, eee, mudzawaone! Ankaitana msika wonse. ‘Bwerani mudzaone ya ku Joni! Anagula mwana wanga, Limbani, woyamba kubadwa!’ Manati khumi, prrr, prrr, onse pansi munthu usanameze malovu. Anyamata anga ankaombera m'manja. Dzina lanu, achimwene, pa Madisi palibe kondakitala amene salidziwa. Manja atayamba kuwavuta, ankandigwiritsa ine, iwo n'kungokanikiza ndi chala."

A Elisha anapukusa mutu, akuseka chapansipansi, misozi ili m'maso. "Achimwene anga amenewo. Ine ankandiuza kuti akupita kukagula mbewu."

Limbani anaphimba nkhope ndi manja. Sanalire mokweza, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Atadzutsa mutu, manyazi aja anali atachoka. Ankaoneka ngati munthu amene wangomva kuti bambo ake anali wamkulu kuposa mmene ankawadziwira, ndipo ananyada.

"Bambo aang'ono," anatero, "ndagawa molakwa. Ndagawa ngati mlendo."

A Elisha anayang'ana thumba lawo kanthawi ndithu. Kunena zoona zinawawawa, gani imeneyo anali ataisirira zaka zambiri. Koma anamasula chingwe, anaitulutsa, n'kuipereka kwa Faines ndi manja awiri.

"Tenga, mayi. Ukanakhala wina ndikanakana, koma iwe ndakuona ukugwira ntchito. Ine mundipatse jeke wamkulu uja, ndisapite manja lendelende. Ndipo pikapu yangayi ikafa, usadzandiike pa mzere."

"Mudzakhala pa mzere ngati aliyense," anatero Faines, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, pabwalopo panamveka kuseka.

Faines sanadikire. Anabweza paipi m'malo mwake, analiza kompulesa, anaveka soketi ya 21. Gani yokalamba ija inati trrr kasanu ndi kamodzi, manati onse ali m'dzanja lake. Powabwezera anayamba ndi zala, anawamenya pang'ono ndi gani, n'kumalizitsa ndi sipanala modumphitsadumphitsa. Limbani ankangoyang'ana manja a mlongo wake.

"Nanga yaikuluyi?" anafunsa a Elisha.

"Ikakhale kwa a Bonifasi, izigwira ntchito yake," anatero Limbani. "Koma ndikaipereka ndekha. Ndikufuna ndikaimve ikulira ndisanabwerere ku Joni."

"Kwerani pikapu, ndikakutuleni," anatero a Elisha.

"Iyayi. Njinga ya bambo ili kuti?"

Anaitulutsa m'khonde, anapopa matayala. Bokosi lofiira linakana kukhala pa kaliyala, linali lalikulu kwambiri, choncho anaika gani yokhayokha n'kuyamba kuikulunga ndi mphira. Mayi Monika ananyamuka pa mpando wawo, anayenda pang'onopang'ono mpaka pa njingapo.

"Osati choncho. Vula jekete."

Limbani anawayang'ana modabwa. Unali mwezi wa June, mphepo yochokera kumapiri inkalowa mpaka m'mafupa. Komabe anavula. Amayi ake anayala jeketelo pa kaliyala, anagoneka gani pakati, anapinda mbali zonse bwinobwino, n'kumanga mikono yake mfundo ziwiri.

"Bambo ako ankati mabampu angaikande," anatero, akukoka mfundo yomaliza.

"Ankafika kwathu ndi malaya okha, milomo itachita kuuma," anatero a Bonifasi. "Ine ndinkayesa alibe jekete."

Limbani anagwira mahandulo, anakankha njinga mpaka pa msewu, n'kukwera.