Asanakhome Bokosi

Foni inagwa n'kutsetserekera kunsi kwa tebulo limene panali bokosi la maliro. Chibakera chachiwiri chinamupeza Dalaivala pakamwa.

"Ukujambula maliro a bambo? Iweyo?"

Womenyayo anali mkulu wake weniweni, wowotcherera zitsulo amene aliyense ankangomutchula kuti Nyundo. Bambo awo, telala wakalekale, anali gone m'bokosimo pabalaza, pafupi ndi makina awo osokera. Kalipentala anaima pakhomo atanyamula chivundikiro, kudikira kuti akhome.

"Achimwene, sindikujambula," anatero Dalaivala akulavula magazi. "Ndi achemwali ali pa vidiyo. Akufuna angoona nkhope basi."

Mlongo wawoyo anapita kudziko lakunja kalekale kukasamalira nkhalamba za eni ake. Mapepala ake sanali bwino, moti akanati atuluke m'dzikolo, sakanaloledwa kubwereranso. Bokosi likangokhomedwa, ndiye kuti bambo ake sadzawaonanso.

"Aone nkhope!" Nyundo anakuwa. "Ali moyo anabwera kudzaiona? Iye kalikiliki kusambitsa makolo a anthu ena, ake ndikusambitsa ndine kuno! Zovala za m'mabelo zinawalanda makasitomala onse, tinangoyang'ana. Adzukulu awo sadziwa n'komwe kunena kuti agogo, tinangoyang'ana. Lero maliro asanduke filimu? Mawa tiwapeze bambo m'mafoni a anthu akuwadindira timitima?"

Kunena zoona, zambiri mwa izi sanali kunama. Koma abale inu, munthu wa manja ngati amenewo akakhala ndi mfundo amaiperekera pankhope.

Dalaivala anakwawa kuti atole foni ija. Nyundo anamuponda zala ndi jombo, chala china chinamveka kuti thyo! Mng'onoyo anakuwa koopsa, n'kumuluma mkulu wake pakatumba. Anagwetsana, mipando inathyoka, azakhali awo anathawira panja akulira. Dalaivala anapapasa pamakina paja n'kutola sizasi yaikulu ya bambo ake. Nyundo anamugwira mkono n'kumuwombetsa patebulo. Bokosi linagwedezeka, mutu wa malemu n'kupendekera kumbali.

"Agwetseni kumene," anatero mayi awo. Sanakweze mawu. "Chatsala n'chimenecho."

Onse awiri analekana, akupumira m'mwamba. Sizasi inagwa pansi.

Mayiwo anagwada movutikira, n'kupisa dzanja kunsi kwa tebulo. Galasi la foni linali litang'aluka, koma mawu ankamvekabe: "Amayi? Amayi, chikuchitika n'chiyani?"

"Amayi, musatero," anatero Nyundo. "Ulemu wa bambo..."

"Khala chete. Ulemu wawo ndauona, suwu uli pamalaya a mng'ono wako. Mlongo wakoyunso ndinabereka ndine, ngati iwe."

Anapukuta foniyo ndi nsalu yawo, n'kuwerama pabokosi. Sanailozetse kunkhope. Anaigunditsa pakhutu la mwamuna wawo.

"Amayi, itembenuzeni," Dalaivala ananong'ona atafumbata chala chake. "Chotero sakuona kanthu."

"Asiye!" anatero mlongo wake m'fonimo, kuseka ndi kulira zitasakanikirana. "Asiye choncho. Zaka zonsezi ndikaimba vidiyo ndinkangoona khutu lomweli. Ndikati, 'Bambo, iyang'aneni,' iwo ankati, 'Nkhope ukhoza kundinamiza nayo, mwanawe. Yankhula ndimve ngati uli bwino.'"

Nyundo anayang'ana kumbali. Zimenezi ankazidziwa, nanga si ndiye ankawayatsira foniyo Lamulungu lililonse, uku akunyinyirika.

Mkono wa mayi unayamba kutopa. Kalipentala anasuntha phazi, koma Nyundo anamukwezera dzanja kuti adikire. Kenako anayandikira, magazi akuchucha m'mwendo, n'kuchirikiza chigongono cha mayi ake kuti foni isachoke pakhutupo.

"Yankhula, mwanawe," anatero mayi.

"Bambo," mawu anatuluka m'galasi long'alukalo. "Ndine. Sindili bwino."