Shaki wa pa Fomu

Fungo linawalandira mayi woyendera za nsomba asanafike n'komwe pakhomo. Linali ngati la mkodzo wogonera, lija limatuluka nyama ya nsomba ya shaki ikayamba kuwola. Anatseka mphuno ndi mpango n'kulowa m'shedi ya padoko, momwe madzi amagazi ankayenderera pasimenti, ntchentche zili bii pamatumbo.

Mwini shediyo, bambo wamimba amene antchito ake ankamutcha Kapitawo, anawasonyeza mulu wa zipsepse zopita kunja. Anati zonsezo n'za shaki wamba, mtundu wololedwa, chatsala n'chidindo cha pa fomu basi.

Mayiwo anati aone kaye nsomba zimene anadulako zipsepsezo. Anazipeza kuseri kwa muluwo, zitatayidwa m'mbali mwa ngalande. Atavala magolovesi anatembenuza imodzi. Thupi linali lalitali ngati la shaki ndithu, koma mutu unali wophwatalala ngati khasu, ndipo ming'alu yopumira inali kumimba.

Anamufotokozera Kapitawo kuti shaki ming'alu yake imakhala m'mbali mwa khosi, ndipo izi zinali za banja lina la nsomba lotchedwa reyi. Chibale chilipo, zonse mafupa ake ndi ofewa ngati a khutu, koma mtundu uwu watsala pang'ono kutheratu m'nyanja, n'chifukwa chake ndi woletsedwa.

"Mayi, msuweni wa shaki ndi shaki," anatero Kapitawo akutokosa m'mano. "Wakumwa supu wa zipsepse kunjako satembenuza nsomba."

Mayiwo atatembenuza yachiwiri, mimba yake inaphulika, munatuluka tiana tisanu ndi kamodzi, takufa, tonga chikhatho. Kapitawo anatikankhira m'ngalande ndi nsapato, kenaka n'kupukuta nsapatoyo pathumba la zipsepse. Mayiwo anathamangira panja n'kusanza zonse za m'mawa.

Atapezako bwino anaimbira foni abwana awo. Abwanawo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati Kapitawo ndi mlamu wawo, ndipo fomu si mayeso a kusukulu.

"Ingolembani kuti shaki, mayi. Nsomba zafa kale zimenezo."

"Bwana, dzanja langa silidinda zimenezi."

Pafomupo analemba kuti reyi ndi zilembo zikuluzikulu, chidindo n'kubwezera m'chikwama. Lachinayi katunduyo ananyamuka ndi chidindo cha munthu wina, ndipo Lolemba mayiwo anawasamutsira ku chipinda cha mafayilo. Abwana atakumana nawo m'khonde anatambasula dzanja akumwetulira. Mayiwo anagwira mafayilo ndi manja onse awiri, n'kudutsa.