Miyezi Itatu ya Bakayawo

Kwa Zingalume kunalibe munthu wosadziwa tsiku limene Felicia wapita kumwezi. Si kuti mwiniwakeyo ankalengeza ayi, nkhani inkaululika ndi mchere.

Mwambo mukuudziwa: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, angadule mwamuna wake n'kuyamba kutsokomola ndi kutupa miyendo. Amatuma wina. Tsono pakhomo pa Felicia ndi mwamuna wake Zebron panalibe mwana woti n'kumutuma, ngakhale ukwati unali utatha zaka zitatu. Otsala anali apongozi ake, aNambewe, amene khomo lawo linapenyana ndi khitchini yake. Akaitanidwa ankabwera mwakachetechete ngati opita kumaliro, n'kuthira mcherewo, n'kuusa moyo mokweza, kenako n'kunyamula ndowa ulendo wa kuchitsime. Dzuwa likamafika pamutu, mudzi wonse unali utamva kuti mwezi unonso wapita pachabe.

Felicia zinkamuwawa zedi. Tsiku lina anafuna kungothira yekha, poti ku Reformed abusa amati zamdulo n'zachikunja. Koma atamva Zebron akutsokomola kukhola, dzanja linabwerera lokha.

Anamupulumutsa ndi Langton, wogulitsa nsomba zouma panjinga, amene ankakazitenga kutsidya kwa malire ku Mozambique. Munthuyo kulongolola! Tsiku lina anabwera ndi bakayawo, nsomba zong'ambidwa pakati, zoyera mbuu ndi mchere. Ankati asodzi a kunyanja yaikulu, kuyambira makolo awo, saponya ukonde asanaone ngati mchere ulipo, chifukwa nsomba yopanda mchere sigona, pamene yamchere imayenda mwezi wathunthu mpaka kudzafika kwa anthu osadziwa n'komwe bwato. Kaya nyanjayo anaionapo, kaya ankangothera pamsika wa pamalire, n'zake zimenezo. Anamaliza ndi malangizo: aziviike m'madzi, ataye madziwo kawiri, ndipo mumphika asathirenso mchere ngakhale pang'ono.

Mawu omalizawo Felicia anawagwira bwino. Anagula zisanu.

Kuyambira pamenepo bakayawo analowa paliponse. M'nkhwani bakayawo, m'nyemba bakayawo, m'chigwada bakayawo, mpaka m'therere, abale inu, chinthu chosamvekapo kwa Zingalume. Kachidutswa kamodzi kankakoleretsa mphika wonse, ndipo panalibenso chifukwa choitanira munthu. Zebron, mwamuna wosatha kudandaula, ankangodya n'kumamwa madzi ngati ng'ombe yochokera pangolo.

Mwezi woyamba aNambewe anangoyang'ana. Wachiwiri anayamba kuwerenga zala. Wachitatu anavina okhaokha kuseri kwa nkhokwe, ndipo m'mawa mwake analanda Felicia khasu ndi ndowa. Anati asaweramenso, asanyamulenso kanthu. Thobwa linkamupeza pamkeka, chiponde chinkabwera chosapempha.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akananena zoona. Koma kusamalidwa kumakoma, makamaka ukakhala utanyozedwa zaka zitatu. Felicia anawonjezera ndi zake: kulavula apa ndi apo, kupempha mango osapsa, kudandaula kuti fungo la sopo likumuchititsa nseru. Akawaona apongoziwo akugenda mango ndi chibonga, ankabisa nkhope m'chitenje kuti aseke bwino. Anaiwala kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada, ndipo mvula inali itayandikira.

Inagwa mlungu wathunthu. Mitsinje inadzaza, njinga ya Langton osaoneka. Nsomba yomaliza inatha Lachinayi. Lachisanu aNambewe ananena mosangalala kuti aitana alangizi awiri a Chigwirizano cha amayi a mumpingo, aNabanda ndi aNaphiri, kuti mawa adzamulangize za mimba yoyamba, ndipo apha nkhuku. Loweruka m'mawa Felicia anadzuka ali kumwezi.

Anaphika nkhukuyo, n'kuima pamoto ndi kabotolo ka mchere m'manja, thukuta lili kamukamu. Akathira yekha, Zebron adya ndiwo zomwezo. Akaitana apongozi, alendo ali pakhonde pomwepo, amva ndi makutu awo. Mantha anamugwira, manyazi nawo osamusiya. Anabweza kabotolo pamalo pake n'kupakula momwemo.

ANabanda anayamba kusunsa, n'kuleka kutafuna. ANaphiri analawa msuzi, n'kuyang'ana anzawo. Amayi akuluakulu ngati amenewa safunika kuwamasulira ndiwo zopanda mchere zophikidwa ndi mkazi wapabanja.

"Kodi mchere wasowa pakhomo pano?" anafunsa aNabanda, maso ali pamimba pa Felicia.

Felicia anali chogwada pakhomo, mutu uli pansi. ANambewe anatenga nthuli, n'kulawa, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Zonse anazimvetsa pomwepo, za nsomba zija ndi za mango omwe. Nkhope yawo inagwa.

"Ndamuletsa ndine," anatero aNambewe. "Kuchipatala andipeza ndi bipi. Mchere andiletseratu."

Mayi ameneyu chibadwire sanamwepo ndi panado yemwe! Koma anadya nkhuku yozizirayo monyambita zala, n'kumaiyamikira, mpaka alendowo anachita manyazi kupempha mchere, n'kumangomeza movutikira. Za malangizo anati anapupuluma okha, ukalamba wawasokoneza kuwerenga, adzawaitananso nthawi yake ikakwana. Alangiziwo ananyamuka akuwapepesa za matendawo, ndipo aNaphiri analonjeza kuti akauza amayi onse a mumpingo kuti aziwaphikira zapadera.

Atawaperekeza, aNambewe analowa m'khitchini. Anapeza Felicia akulira mosatulutsa mawu. Anatenga kabotolo, n'kuthira mchere m'ndiwo zotsalira Zebron, n'kutakasa.

"Miyezi itatu mwana wanga wakhala akunyambita mchere ngati mbuzi chifukwa cha pakamwa pangapa?"

Felicia anangogwedeza mutu.

"Mwezi wamawa musaitane. Mudzangosiya mphika pamoto n'kupita kokatola nkhuni, ine ndidzadutsa ndekha." Anapukuta manja m'chitenje n'kuima pakhomo. "Koma mwandilanga, amayi. Paukwati, pamaliro, pamsonkhano wa Chigwirizano, anzanga azidya nyama yokolera, ine azindiikira kambale kanga pambali mpaka kufa."

Felicia anaseka misozi ili m'masaya. ANambewe anamukalipira kuti palibe choseketsa, kenako anasuzumira panja ngati alendo apitadi, n'kuthira mchere m'dzanja, n'kukhala pansi kuti adye bwino chiwalo cha nkhuku chimene anabisa.